Mapazi Amene Amayi Ankasesa

Mlongo wanga anali ndi mapazi oipa. Ndikunena ndine chemwali wake amene ndinamubereka kumsana, ndiye palibe angandiletse. Anali otambalala, zala zotalikirana, zidendene zong'ambika ngati za munthu wokoka khoka. Koma mapazi omwewo ndi amene anamuika mu nyuzipepala, ndipo anatsala pang'ono kumukweza ndege. Akanakwera ndithu, anthu a kwathu kuno akanakhala osamala za m'nyumba zawo.

Anachoka kuno ku Mangochi ali mnyamata kukagwira ntchito pa fakitale ina ku Limbe. Kumeneko kunali bambo wina wa ku Koreya wokonza makina, amene akaweruka ankaphunzitsa anyamata masewera a kwawo omenyana ndi miyendo, otchedwa tayikondo. Ife tinkangoti kalate, monga ankanenera aliyense amene anaonerapo kanema, ndipo iye ankapsa mtima zenizeni. "Achemwali, si kalate ayi. Kalate ndi ya manja, ife ndi miyendo." Ine n'kumuyankha kuti kaya miyendo kaya manja, kumenya mwana wa eni ake ndi kumenya basi.

Bambo athu atamwalira, mlongo wanga anabwerera kudzagwira malonda awo a nsomba. Ankagula chambo chowamba ndi usipa wouma kwa asodzi, n'kukwera nazo basi ya ku Limbe. Akagulitsa ankathamangira kwa mphunzitsi wake uja akununkhabe nsomba. Akakhala kuno ankayeserera pamchenga, pafupi ndi doko, akangotuluka mu mzikiti pa swala ya m'bandakucha. Lamba wake anasintha mitundu tikuona, kuyambira woyera mpaka wakuda. Wakudayo amayi sanakondwe naye, ati nsalu yakuda m'chiuno ndi kuitana maliro.

Anayamba kupambana mipikisano ing'onoing'ono ku Limbe, ku Zomba, mpaka ku Lilongwe. Ankabwera ndi mlomo wotupa, chala cha kuphazi chomangidwa ndi nsanza, ndi mendulo m'thumba. Mamenduloyo amayi ankawaponya m'chitini cha mabatani. Mpikisano ukayandikira ankadzimana chakudya kuti asapitirire pa sikelo, ndipo ankadzitama kuti anzake amalira ndi njala pomwe iye Ramadhani inamuphunzitsa ali mwana. Akazi ankamufuna, mapazi oipawo osawaona. Iye ankati adzakwatira akadzabwera ndi mendulo ya kunja.

Sankayeserera yekha. Anali ndi mnzake wa kutsidya, mwana wa msodzi wa ku mishoni ya Angilikani, amene anali naye limodzi ku fakitale kuja ndipo tsopano ankapala matabwa pa boma. Iyeyo ndi amene ankamugwirira thumba la utuchi kuti azimenya. Mnyamata wofatsa, wosachedwa kunjuta popereka moni, womwetulira nthawi zonse. Ine sindinamukonde kuyambira tsiku loyamba. Munthu amene wamenyedwa chidendene pachibwano n'kudzuka akumwetulira, mkwiyo wake amausunga kuti? Komanso awiriwa anali ofanana msinkhu ndi kulemera, ndipo m'masewera amenewo anthu amapikisana molingana ndi sikelo. Pakafunika munthu mmodzi, wina ayenera kutsala. Mlongo wanga ankati ndili ndi mtima wa mfiti. Ine ndinkati ndili ndi maso.

Mpikisano ndinauonapo umodzi wokha, waukulu wa dziko lonse, ku Blantyre. Sindinapite chifukwa chokonda ndewu, ndinapita kukamusungira madzi akumwa. Ndinatunga a pa mjigo wa kwathu, n'kukhala nawo pamiyendo ulendo wonse, ndipo aliyense amene anayandikira mlongo wanga ndi kapu ndinkamuyang'ana mpaka atabwerera. Holo inali yodzaza, yonunkha thukuta ndi mankhwala opaka. Anamuveka chinthu cholimba pachifuwa ngati chigoba cha kamba, iye n'kuwerama kulemekeza munthu amene akufuna kumuthyola nthiti. Abale inu, ulemu wake umenewo?

Oyambirira anathana nawo msanga. Womaliza anali mnyamata wamtali wa ku Zomba, miyendo ngati nsungwi. Anamumenya mlongo wanga m'nthiti kangapo, ine kukuwa mpaka mpango kugwa. Kenako sindinaone bwino chimene chinachitika. Ndinangoona mlongo wanga wapotoloka ngati akuthawa, phazi loipa lija n'kutulukira kumbuyo, phaa! pakhutu. Wa ku Zomba anakhala pansi mwaulemu n'kumayang'ana denga. Woyimbira anakweza dzanja la mlongo wanga. Ndinalulutira, ndinaiwala ndi madzi omwe, botolo linagubuduka pansi pa mabenchi. Mnzake wa kutsidya uja anali atagonja mpikisano uli pakati, koma ndi amene anayamba kumukumbatira. Ndinaona kuti akumwetulira kuposa masiku onse.

Patapita masiku chithunzi chinatuluka mu nyuzipepala, mwendo uli m'mwamba, pansi pake atalemba kuti wasankhidwa m'gulu lokaimira dziko ku mpikisano wa kunja. Munthu wa ku Mangochi, wogulitsa usipa! Nyuzipepalayo inayenda msika wonse mpaka inang'ambika. Amayi anaiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Amuonetsa phazi dziko lonse."

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Alendo anayamba kubwera pakhomo, ena oti ngakhale pa maliro a bambo sanaoneke. Mmodzi mwa iwo anali atcheya a nthambi ya chipani, bambo wa mimba yaikulu amene ankaima pa chipata cha msika kuona ngati tili ndi makadi. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo popanda khadi lake sunkagula ngakhale mchere. Anakhala pa mpando wa bambo asanapatsidwe, analandira tiyi, anayamikira. Kenako anati, "Mwana wathu, luso limeneli ndi la dziko. Uyambe kuphunzitsa anyamata athu a malaya ofiira."

Mlongo wanga anayankha mwaulemu kuti mwambo wa masewerawo sulola kuphunzitsa popanda chilolezo cha mphunzitsi wake, ndipo akafunsa kaye.

Atcheya anaseka. "Nanga anyamata amene amakuwa nawe ku doko m'mawa aja, chilolezo chawo anapereka ndani?"

Zinali zoona. Chitulukire chithunzi chija, anyamata ena a m'mudzi anayamba kumutsatira, kuima m'mizere kumbuyo kwake, kuponya miyendo n'kumakuwa pamodzi m'chilankhulo cha ku Koreya. Iye sankawathamangitsa. Atcheya anatsanzika bwinobwino, koma tiyi anamusiya theka m'kapu.

Kwathu kuno tinali kale ndi mbiri yoipa kwa akuluakulu. Zaka za m'mbuyomo anthu ena anakana boma n'kuthawira m'mapiri a chakum'mawa, ndipo chiyambire pamenepo munthu wa ku Mangochi akatsokomola, ku likulu ankamva mfuti. Aliyense ankadziwa kuti pali anthu otumidwa kumvetsera, koma palibe ankadziwa kuti ndi ati. Pa maliro tinkakamba za mvula. Ine tiyi wotsala uja sanandisangalatse, ndipo ndinamuuza mlongo wanga. Iye anati, "Achemwali, ndikupita kukanyamula mbendera ya dziko. Munthu wonyamula mbendera amugwira bwanji?"

Amayi ngozi anaiona kwina. Sabata yomweyo mwendo wamanja wa mlongo wanga unatupa pa akakolo. Iye anati waponda molakwika. Amayi anandituma kuti ndikaone pamchenga pomwe ankayeserera. Ndinapita dzuwa litatuluka, ndipo ndinapeza chimene ndinapeza. Mapazi ake sankasowa, otambalala aja. Limodzi, la kumanja, linali lokumbidwa pachidendene, kadzenje kozungulira bwino ngati munthu watapa ndi chikhatho.

Wina anganene kuti ndi nkhanu, kapena galu, kapena mwana ankasewera. Mlongo wanga ananena zonsezi akuseka. Koma ife tinakula tikudziwa kuti munthu wokufunira zoipa sachita kukugwira. Amangotapa dothi la pamene waponda, n'kupita nalo kwa odziwa, mwendo wako n'kuyamba kuuma wokha. Ndinamuonapo mayi wina wa ku Namwera amene mkazi mnzake anamutapa phazi, anamwalira akukwawa. Ndiye munthu amene chuma chake chonse chili m'mapazi, n'kumasiya mapaziwo mbwee pa doko pomwe pamadutsa aliyense, si kuanika nyama pamaso pa agalu kumeneko?

M'mawa wotsatira ndinabisala kuseri kwa bwato lina lakutha kuti ndione amene amatsala m'mbuyo. Onse anabalalika, mlongo wanga akutsimphina patsogolo. Anatsala wa kutsidya. Anamanga thumba la utuchi, anayenda uku ndi uku maso ali pansi, kenako anawerama, anatola kanthu pamchenga n'kuika m'thumba la kabudula. Ndinatulukira pomwepo.

"Watola chiyani?"

Anadzidzimuka, n'kutulutsa mbedza ya dzimbiri. "Ndimatola izi, achemwali, kuti anzathu asabayidwe."

Mbedza inalidi mbedza. Koma kabudula amakhala ndi matumba awiri, ndipo linalo sanandionetse.

Ndinakawauza amayi zonse. Sanalire, sanakuwe, anangoti, "Ehe." Kenako anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anamukakamiza mlongo wanga kuti achoke pa doko. Chakumtunda kunali kamchenga kena kobisika kuseri kwa bango, kopanda njira ya anthu. Iye anavomera kuti awasangalatse, komanso anati mchenga wa kumeneko ndi wofewa, ukomera mwendo wotupawo. Anyamata onse anasamukira kumeneko, wa kutsidya ndi thumba lake n'kutsatira.

Chachiwiri anauza ine ndekha. Anamanga tsache latsopano la mlaza, lalitali. M'mawa uliwonse ankadzera njira ya kumadimba atafunda chitenje kumutu, n'kubisala m'bango mpaka anyamata atamaliza kukuwa kwawo. Akachoka onse ankatuluka n'kuyamba kusesa. Sankasankha kuti ili ndi la mwana wanga, ili ndi la wina, chifukwa mapaziwo ankapondana. Ankasesa onse. Ankasesa chobwerera m'mbuyo kuti ndi awo omwe afufutike, kuyambira m'mphepete mwa madzi mpaka pa udzu. Ndinawaperekeza kamodzi. Atamaliza, mchenga unali see, mizere ya tsache yokhayokha, ngati pabwalo la mzikiti tsiku la Idi. Ndinawafunsa kuti nanga wa kutsidya akatapa iwo asanatuluke m'bango? Anati, "Maso anga amakhala pa manja ake. Akangowerama nditsokomola." Anandilamula kuti ndisatsegule pakamwa, chifukwa wotapa akadziwa kuti pali wosesa amasaka njira ina.

Mlongo wanga anadziwa pasanapite nthawi. Anaiwala thaulo, pobwerera n'kuwapeza amayi ali chowerama. Anafika kunyumba akuseka mpaka misozi. "Achemwali, ndili ndi wosesa bwalo ngati timu ya ku Ulaya!" Koma sanawaletse. Anati ngati zikuwapatsa tulo, asese. Ndipo mwendo unaphwa, ndikuuzeni. Unaphwa sabata yomweyo. Amayi anangondiyang'ana, ine n'kuwayang'ana.

Ulendo unayandikira. Anamuyeza suti ya gulu, pasipoti inali m'njira, ndipo mphunzitsi wake anatumiza uthenga kuti apite ku Blantyre akakonzekere pamodzi ndi anzake. Mlongo wanga anati anyamule nsomba komaliza kuti ulendo usapite pachabe. Ndinamuperekeza ku depoti dzuwa lili paliwombo. Madengu anali atakwera kale padenga la basi, iye ali pamwamba akumanga chingwe, pomwe anafika amuna awiri ovala majekete, kutentha konseko. Sanali a kuno. Mmodzi anamutchula dzina lonse, n'kunena kuti, "Tatsika tikacheze pang'ono." Galimoto yawo inali kuseri kwa sitolo, injini ikulira.

Anatsika. Anandipatsa chikwama chomwe munali zovala zake zoyera ndi lamba wakuda. "Ndibwera posachedwa, achemwali. Amayi musawauze mothamanga." Depoti yonse inali itayang'ana kwina. Kondakitala, amene ankadya naye chipisi ulendo uliwonse, anayamba kuyendera matayala. Basi inanyamuka ndi nsomba zathu, ndipo amene anazidya sindimudziwa mpaka lero.

Sindinachite kuwauza amayi. Anaona chikwama chili m'manja mwanga, mwini wake palibe. Anachilandira, anachiika pansi pa bedi, n'kupita kukatawaza, kusamba kokonzekera swala.

Masiku amenewo munthu akatengedwa choncho sunkafunsa kuti ali kuti. Ukafunsa kwambiri ankakusonyeza, n'kukusiya komweko. Anyamata a m'mizere aja anawatenganso, ndi wa kutsidya yemwe, koma anawabweza msanga, ndipo atabwera ambiri sanafune kutiyang'ana. Pa mjigo akazi ankandisiyira malo ndisanapemphe, kuti nditunge ndichoke. Ndinalimba mtima kamodzi pa chipata cha msika. Ndikuonetsa khadi, ndinafunsa atcheya motsitsa mawu ngati amvako za mlongo wanga. Anayang'ana khadi, anayang'ana ine. "Uli ndi mlongo iwe?" Ndinatenga khadi langa n'kulowa mu msika.

Ndinkatembenuza usipa pa thandala loyanikira ndikusanthula anthu m'mutu. Atcheya ndi tiyi wawo. Mayi wina wa kumadimba amene mlongo wanga anakana kukwatira mwana wake. Wamtali wa ku Zomba. Koma ndikazungulirazungulira ndinkabwerera pa mnyamata wa kutsidya. Anabwera pakhomo tsiku lina, chipewa m'manja, maso ofiira, kudzanena kuti amusankha kuti apite m'malo mwa mlongo wanga, ndipo sakudziwa ngati avomere. Ndinati, "Pita, si zimene unkafuna? Dothi lija unakapereka kwa ndani?" Anandiyang'ana ngati sakumva Chichewa, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamwetulire. Anapitadi kunjako, anakamenyedwa pa ndewu yoyamba, n'kubwera ndi chikwama chatsopano basi. Nditamva ndinaphika mpunga.

Amayi anaika tsache kuseri kwa chitseko. Anaonda, ndipo ankangobwereza nkhani imodzi. Tsiku lina, ati, atamaliza kusesa anaona phazi limodzi latsala pansi pa bango lopindika, koma anamva ngati anthu akubwera, n'kuthawa, ati ndidzasesa mawa. Mawa lake sanalipeze. "Ndi lomwelo," ankatero. "Phazi limodzi, mwana wanga wapita." Shehe anabwera kudzawapempherera, anawauza kuti zonse ndi za Mulungu. Anavomera, shehe atachoka anayambanso za phazi lija.

Mvula inabwera, inatha, chimanga chinauma m'minda. Mlongo wanga anafika masana ena popanda uthenga, pa lole ya makala. Ndinali pakhonde ndikupeta mpunga. Ndinaona munthu woonda akubwera pang'onopang'ono, akuponda ndi m'mbali mwa mapazi ngati akuyenda pa minga, ndipo ndinamuzindikira atafika pa mtengo wa mango. Lichero linagwa. Amayi anatuluka, sanathamange, anangokhala pansi pomwe anali. Iye anabwera kudzagwada pamaso pawo, koma kugwadako anachita kugwira khoma.

Mapazi ake anali ena. Otupa, zala zina zopindika, pansi pake zipsera zopingasana. Amayi anatenthetsa madzi, n'kuyamba kuwathowa ndi nsalu, misozi ikugwera m'beseni. "Mwana wanga, undikhululukire. Ndinaphonya limodzi."

Iye anawayang'ana, kenako anayang'ana ine. Anati, "Musadandaule amayi. Mukanapanda kusesa, akanatapa onse, ndikanabwera pa machira."

Ndinaganiza kuti kumene anali kwamuphunzitsa kukhulupirira zimene ankaseka kale.

Za kumeneko sankakamba. Zilonda zitapola anayesa kubwerera ku masewera ake. Ndinamuona m'mawa wina kuseri kwa nyumba, atamanga lamba wakuda pamwamba pa kabudula. Mwendo unakwera bwinobwino, unkafikabe pamwamba pa mutu wa munthu, koma phazi lotsala pansi linakana kumunyamula. Anagwera pa mpanda. Anadzuka, anayesanso, anagwanso. Anamasula lamba uja, n'kupinda bwinobwino, n'kulowa m'nyumba. Ndinalira ndili kuseri kwa khitchini, mwana amene ankagwetsa anthu aatali ngati nsungwi akugwetsedwa ndi mthunzi wake. Mphunzitsi wa ku Koreya anali atabwerera kwawo osatsanzika, kaya mwa kufuna kwake kaya anachita kuuzidwa.

Zoona zake mlongo wanga anandiuza patapita zaka, zipani zitachuluka, anthu atayamba kulankhula m'mabasi. Tinali pa doko tikudikira mabwato, ine ndikunena monga mwa masiku onse za mnyamata wa kutsidya, amene ankabwerabe kudzamuona pa Idi iliyonse atanyamula nkhuku. Anatopa nane.

"Achemwali, musiyeni mwana wa eni ake. Mukufuna kudziwa chimene ankandifunsa kumene kuja?"

Ndinati ndikufuna.

"Za ku Koreya sanafunse kwambiri. Za atcheya sanatchule n'komwe. Anthu aja anamva kuti ku Mangochi kuli anyamata amene asamukira kuseri kwa bango, akuima m'mizere, akukuwa chilankhulo chachilendo. Anabwera kudzaona okha, dzuwa litakwera. Anapeza mchenga wosesedwa, wopanda phazi ngakhale limodzi. Anabweranso tsiku lina, chimodzimodzi. Ndiye funso lawo linali lakuti, anthu ochita masewera amafufuta mapazi awo chifukwa chiyani? Amasesa ndani, ndipo anamuphunzitsa ndani kusesa chobwerera m'mbuyo ngati a m'mapiri aja? Anyamata enawo sankadziwa kanthu, n'chifukwa anawasiya. Ine anaona kuti ndikudziwa. Tsiku lililonse funso lomwelo, ndodo pansi pa mapazi."

Ndinati, "Iwe, bwanji sunangonena? Nkhalamba yoopa afiti, akanaseka n'kukumasula!"

"Anthu aja sankaseka, achemwali. Ndipo nkhalamba zinalimo mmenemo, ndinkazimva zikutsokomola chipinda chinacho. Ndikanati ndi amayi, galimoto ikanabwera kudzawatenga kuti akafotokoze okha. Ndinati mchenga umasesedwa ndi mphepo."

"Mphepo ya tsache?"

"Iwonso anatero," anayankha, n'kuseka kuseka kwake kwakale kuja. Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu. "Amayi asamve. Wallahi, ndalumbira, achemwali, mukawauza, ine ndi inu tathana."

Ndinamufunsabe kuti nanga za kuseri kwa bango anawauza ndani. Anati mwina palibe, anyamata okuwa m'mawa amamveka mpaka kutsidya. Ine zimenezo sindivomera mpaka lero. Galimoto sichoka yokha ku likulu kudzayang'ana bango, alipo anailozera njira. Ndipo kadzenje ka pachidendene kaja ndinakaona ndi maso angawa. Mnyamata wa kutsidya tsopano ali ndi imvi. Akabwera ndimamulandira, ndimamupatsa madzi, koma osati m'kapu yanga yabwino.

Amayi anakhalabe ndi moyo zaka zingapo, ndipo sindinawauze. Chibwerere mlongo wanga, amayi anali atatulutsanso tsache kuseri kwa chitseko, ndipo tsopano ankasesa poyera. Iye akanyamuka kupita ku mzikiti, akuponda ndi m'mbali mwa mapazi, iwo ankamutsatira kuchokera pakhomo mpaka pa msewu wa miyala, kufufuta mapazi opindika aja limodzilimodzi. Anthu ankaseka, ana ankawatsanzira. Nditadziwa zoona zake zinkandiwawa kuposa kale, ndipo tsiku lina ndinagwira tsachelo kuti ndiwalande. Mlongo wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinalisiya.

Chaka chawo chomaliza maso anali atachita mdima, msana utapindika, ndipo tsache linkapita pambali, mapazi onse n'kutsala momwe anaponderamo. Iye ankayenda pang'ono n'kuima, kuwadikira. Akafika pa msewu amayi ankaweramuka atagwira m'chiuno, n'kufunsa, "Latsala?"

Iye ankacheuka, mzere wonse wa mapazi ake uli poyera kuyambira pakhomo.

"Palibe latsala, amayi. Mwasesa bwino."